Pulagi Yolowa Theka: Mafunso ndi Mayankho pa Zolumikizira Magetsi

Pa Namadzi, m'mphepete mwa msewu wa M3 wochoka ku Limbe kupita ku Zomba, magetsi amadyetsa mabanja ambiri: ometa tsitsi, otchajitsa mafoni, owotcherera zitseko ndi mawindo, a zigayo, amakanika a njinga za kabaza, ngakhalenso oimbitsa nyimbo pa maukwati. Ena amadalira ESCOM, ena panelo la sola padenga, ena batire la galimoto lobisika pansi pa tebulo. Koma mmisiri wa magetsi akaitanidwa kuti zinthu zavuta, kawirikawiri sayamba n'kufufuza pakati pa waya. Amathamangira kumapeto, pamene waya wakumana ndi mnzake, chifukwa mavuto ambiri amabadwira pamenepo.

Konekita n'chiyani kwenikweni, poti mawaya awiri munthu angathe kungowapota pamodzi?

Konekita ndi chilichonse chopangidwa kuti chilumikize mawaya m'njira yoti mawa angathe kulekanitsidwa popanda kudula. Pulagi ndi soketi ya pakhoma ndi konekita. Kamutu ka tchaja ya foni ndi konekita. Chimodzimodzinso tizipulasitiki toyera tija timapezeka kuseri kwa nyali ya njinga yamoto. Mkati mwake mumakhala zitsulo ziwiri, china cholowa china cholandira, ndipo cholandiracho chimapana chinzake ndi mphamvu imene opanga anaiyeza. Kupanako ndiye mtima wa nkhani yonse.

Mawaya opotedwa ndi zala alibe chowapana. Tsiku loyamba amagwira bwinobwino, koma mkuwa umafutukuka ukatentha n'kubwerera ukazizira, ndipo zikachitika kambirimbiri mfundo ija imakhwepa. Mpweya ndi chinyezi zimalowa, mkuwa umada, magetsi n'kuyamba kudutsa movutikira. Tepi yakuda kapena jumbo yokulunga pamwamba imangobisa zonsezi.

Ngati pulagi yalowa theka koma wailesi ikulira, vuto lili pati?

Vuto lili pa kulirako. Pulagi yomwe sinalowe n'komwe siopsa, chifukwa chipangizo sichiyaka ndipo mwini wake amaona msanga. Yolowa theka imanamiza: zonse zikuoneka kuti zikuyenda, pamene zitsulo zangokhudzana pang'ono pokha. Magetsi onse amakakamizika kudutsa pa kamalo kakang'onoko, ngati khamu la anthu lolimbirana khomo limodzi la minibasi, ndipo pamene pali kupanikizana pamabuka kutentha.

Masamu ake ndi osavuta. Ketulo ya mawati 2,000 pa magetsi athu a mavoti 230 imakoka ma ampu pafupifupi 9. Konekita yabwino imatchinga magetsi pang'ono kwambiri, kagawo kakang'ono zedi ka ohm imodzi, moti sifunda n'komwe. Koma pamalo pokhwepa kutchingako kukafika theka la ohm, pamenepo pamatuluka kutentha kwa mawati pafupifupi 40. Imeneyi ndi mphamvu yofanana ndi ya kachitsulo kamene okonza mawailesi amawotcherera nako timawaya, koma tsopano kali mkati mwa pulasitiki. Ndipo ma ampu akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. N'chifukwa chake soketi yomwe yakhala ikutchaja mafoni zaka zambiri popanda vuto imasungunuka tsiku lomwe wina wasomekapo hotipuleti.

Kutentha kumafooketsanso chitsulo chopana chija, chikafooka kupana kumachepa, kupana kukachepa kutentha kumakula. Zikayamba sizibwerera zokha.

Nanga si ndiye ntchito ya fyuzi ndi bureka imeneyo?

Ayi, ndipo apa m'pamene ambiri amanamizika. Fyuzi imapsa, bureka imagwa, pokhapokha magetsi odutsa apyola muyezo, monga zimachitikira pakakhala shoti. Malo okhwepa saonjezera ma ampu, amawachepetsa pang'ono. Choncho soketi ingathe kutentha mpaka kuchita utsi fyuzi ya ma ampu 13 ili phee, osaona cholakwika. Mlonda wodalirika pamenepa ndi mphuno ndi dzanja: fungo la pulasitiki yopserera, chikasu kapena kuda kuzungulira mabowo a soketi, kaphokoso kothetheka, pulagi yotentha poigwira, babu lophethiraphethira wina akagunda tebulo.

Opanga amachita chiyani kuti konekita isamalowe theka?

Cholinga chawo n'choti pakhale zinthu ziwiri zokha: yalowa yonse, kapena sinalowe. Chapakati amachithamangitsa, ndipo njira zake zambiri zinakulira m'mafakitale a magalimoto, komwe wantchito amasomeka makonekita ambirimbiri pa tsiku, ena m'malo osaoneka ndi maso. Ma Sienta, ma Probox ndi ma minibasi a Hiace omwe amaima pa Namadzi adzaza ndi nzeru zimenezi, poti nthambo za magalimoto a ku Japan zimapangidwa ndi makampani monga Yazaki ndi Sumitomo, akadaulo pa ntchitoyi.

Njira yoyamba ndi kambedza ka pulasitiki komwe kamakwera pa kamtunda n'kugwera kuseri kwake, n'kulira kuti khethe. Opanga amafuna kulirako kumveke m'khutu komanso m'zala. Ena amaupanga mtundawo kukhala wolimba dala koyambirira, kuti munthu akankhe ndi mphamvu; ukangogonja, mphamvu ija imapitiriza yokha mpaka kumapeto, dzanja osatha kuima panjira.

Njira ina ndi yochenjera kuposa apo. Mkati amaikamo sipuling'i yomwe imafinyika pamene konekita ikulowa. Munthu akaisiya kambedza kasanakole, sipuling'iyo imakankha mbali ziwirizo n'kuzilekanitsa kotheratu. Chipangizo sichiyaka, ndipo cholakwacho chimagwidwa pomwepo m'fakitale, osati patapita miyezi galimoto ili pamsewu.

Palinso kachipulasitiki kachiwiri, kawirikawiri kofiira kapena ka mtundu wina woonekera, kamene m'mabuku a magalimoto amakatcha CPA. Kameneka kamakana kutsetsereka ngati kambedza koyamba sikanakhale m'malo mwake, ndipo kakatsetsereka kamatsekereza kambedzako kuti kasatsegukenso. Mnzake ndi TPA, yemwe amayang'anira zitsulo za mkati: chimodzi chikatsalira m'mbuyo, iye amakana kutseka. Makonekita akuluakulu a pa kompyuta ya injini, okhala ndi mano makumimakumi, amakhala ndi chogwirira chopindika chomwe chimakoka mbali zonse mofanana, chifukwa ndi zala zokha mbali ina ikanalowa ina n'kutsala. Pomaliza pali timizere ndi timipata topangitsa kuti konekita isalowe chozondoka kapena pa malo a inzake.

A ndege nawo ali ndi yawo. Makonekita ena ozungulira a m'ndege amakhala ndi mzere wofiira womwe umabisika pokhapokha atamangidwa mpaka kumapeto. Wofiira akamaonekabe, ntchito sinathe.

N'chifukwa chiyani dzino limodzi la pulagi ya kuno ndi lalitali kuposa anzake?

Pulagi ya mano atatu amakona yomwe Malawi amagwiritsa ntchito ndi ya muyezo wa ku Britain wotchedwa BS 1363, womwe unayamba mu 1947. Dzino lalitalilo ndi la waya wa efi, wotaya magetsi osochera pansi. Limalowa loyamba ndipo limatuluka lomaliza, kuti chitetezo chifike magetsi asanafike, chichoke magetsi atachoka kale. Ndi lomwelonso limene m'masoketi ambiri limatsegula tizitseko totchinga mabowo awiri a m'munsi, tomwe timaletsa mwana kusomekamo msomali. Kuyambira 1984 muyezowu unalamulanso kuti mano awiri aafupiwo azivekedwa pulasitiki chakutsinde kwake, kuti pulagi ikalowa theka chala chisakhudze chitsulo chamoyo. Apa opanga anavomereza kuti anthu adzasomekabe theka, ndipo anakonzeratu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nzeru zonsezi zimagonjetsedwa ndi chivindikiro cha bolopeni. Katundu wambiri wa m'misika, ndi wina wobwera ndi abale ochokera ku Joni kapena ku Mozambique, amakhala ndi mapulagi a mano awiri ozungulira, kapena a mano atatu akuluakulu ozungulira a ku South Africa. Munthu amatsegula tizitseko tija ndi chivindikirocho, kiyi kapena kamtengo, n'kukakamiza mano awiri ozungulira aja m'mabowo amakona. Dzino lozungulira limakhudza chitsulo chophwatalala pa kamzere kochepa chabe, pulagiyo ilibe fyuzi, ndipo imalendewera. Ma ekisitenshoni otchipa aja olandira pulagi ya mtundu uliwonse ali ndi matenda omwewo: mabowo ake amalandira onse koma sagwira aliyense molimba. Kudula pulagi yachilendo n'kuikapo ya mano atatu yokhala ndi fyuzi ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo ndi yotchipa kuposa denga.

Sola ya pakhomo ndi ya mavoti 12 okha. Pali choopa pamenepo?

Mavoti 12 sagwira munthu, n'zoona, koma moto subwera ndi mavoti, umabwera ndi ma ampu. Chipangizo cha mawati 120 chimakoka theka la ampu pa magetsi a ESCOM, pamene pa batire la mavoti 12 chimakoka ma ampu 10. Inveta yaikulu imakoka ochuluka kuposa apo kangapo. Ndiye taganizani za tizopanira tija tokhala ngati kamwa la ng'ona, tongolumitsidwa pa mutu wa batire m'shopu yometera: timagwira ndi nsonga za mano okha, timathetheka wina akakhudza waya, ndipo batire la asidi likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen womwe umayaka msanga.

Nkhaniyi ikukula chifukwa sola yachuluka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kuzimazima kwa nthawi imeneyo kunakankhira ngakhale okhala ndi mita ya ESCOM ku mapanelo ndi ma inveta.

Kuseri kwa panelo lalikulu kumalendewera timitu tiwiri takuda totchedwa MC4. Dzinali likuchokera ku kampani ya ku Switzerland ya Multi-Contact, yomwe pano ili pansi pa Stäubli, ndipo 4 akuimira mamilimita 4 a chitsulo cholowa. Mkulu wake, MC3 ya 1996, inalibe loko, inkangogwira ndi mphira. MC4 ili ndi timbedza tiwiri tokola, ndi kamphira kotchinga madzi komwe kamagwira ntchito pokhapokha konekita italowa yonse. Malamulo a magetsi a ku America a 2008 analamula kuti makonekita a sola azikhala okhoma, ndipo izi zinathandiza kuti mtundu umenewu ufalikire dziko lonse.

Chifukwa cha lokoyo ndi khalidwe la magetsi a DC, omwe mapanelo amatulutsa. Magetsi a ESCOM amasintha mbali ka 50 pa sekondi, choncho amafika pa ziro ka 100 pa sekondi iliyonse, ndipo lawi lothetheka limapeza mpata wozima. A sola sadutsa pa ziro. Mapanelo 10 olumikizidwa motsatizana angathe kufika mavoti 400, ndipo konekita ikalekana pang'ono dzuwa lili pamutu, lawi limatha kupitirira kuyaka pakati pa zitsulo ziwirizo. N'chifukwa chake pa nthambo za mapanelo ambiri pamakhala chenjezo loti asazulidwe magetsi akuyenda.

Makonekita a sola onse amaoneka ofanana. Kodi a makampani osiyana angalumikizane?

Amalowana, amalira kuti khethe, koma kulirako sikutsimikizira chilichonse. Palibe muyezo wa dziko lonse wonena kukula kwenikweni kwa mbali iliyonse ya konekita yamtunduwu. Muyezo wa IEC 62852 umayesa mbali ziwiri za wopanga mmodzi. Kusiyana kochepa zedi kwa chitsulo kapena kamphira n'kokwanira kuti mupite madzi kapena kupana kuchepe, ndipo opanga enieniwo amaletsa kusakaniza. Nkhaniyi si ya kumudzi kokha. Mu Ogasiti 2019 kampani ya masitolo ya Walmart inasumira Tesla chifukwa cha moto womwe unabuka pa madenga a masitolo ake 7 okhala ndi mapanelo, ndipo kalumikizidwe ka nthambo kanali m'gulu la madandaulo ake. Anagwirizana kunja kwa khothi mu Novembala chaka chomwecho.

Kwa wa pa Namadzi wogula panelo kwina, waya kwina, makonekita kwina, njira yabwino ndi kuonetsetsa kuti mbali ziwiri zokumanazo ndi za wopanga mmodzi, ndipo chitsulo chake chafinyidwa pa waya ndi chida chake chofinyira, osati pulayala wamba. Makonekitawo amangiriridwe m'mwamba, asagone pa malata pomwe madzi a mvula amadutsa.

Kambedza kakathyoka pa njinga yamoto kapena galimoto, si bwino kungodula n'kulumikiza mawaya?

Amakanika ambiri amatero chifukwa kasitomala ali pa changu ndipo konekita yatsopano sipezeka pafupi. Munthu angawamvetse. Koma njinga ya kabaza yoyenda m'misewu yafumbi yolowera ku Magomero imanjenjemera tsiku lonse, ndipo kunjenjemera ndi mdani wamkulu wa malo olumikiza. Zitsulo zikamakhulana pang'onopang'ono kosaoneka ndi maso, kachikuto kake kamapalika, dzimbiri losaoneka limaunjikana, magetsi n'kumaduka mwa apo ndi apo. Ndiye mavuto aja osowetsa mtendere: njinga yozima pa bampu n'kuyakanso yokha, nyali yophethira, batire losadzaza ngakhale ndi latsopano. Konekita ya pa rekitifaya, yomwe imanyamula ma ampu ambiri, ndi imodzi mwa zomwe zimapezeka zitasungunuka.

Kambedza kakathyoka koma zitsulo zili bwino, kumanga mbali ziwirizo ndi kachingwe ka pulasitiki kokhoma kumathandiza kwakanthawi. Chokhalitsa ndi kutenga konekita yofanana pa nthambo za galimoto yakufa n'kuilumikiza mowotcherera kapena mofinya bwino. Ndipo timbedza tambiri timathyoka chifukwa cha kazulidwe: kukoka mawaya m'malo mogwira pulasitiki, kapena kukanula ndi sikuludiraiva osayamba wabweza kachipulasitiki kofiira kaja. Konekita yolimba imamasuka msanga ikayamba yakankhidwira mkati pang'ono, kenaka n'kudina kambedza, kenaka n'kukoka. Ndi kaluso kakang'ono koyenera kukhala m'zala za wophunzira aliyense wa m'masukulu a ntchito zamanja monga Nasawa ndi Mikolongwe asanagwire galimoto ya munthu.

Makonekita achikasu ndi a olenji m'galimoto amatanthauza chiyani?

Achikasu ndi a ma airbag. Ambiri ali ndi loko iwiri, ndiponso kachitsulo kamene kamalumikiza mano ake okhaokha konekita ikazulidwa, kuti magetsi osochera asaphulitse thumbalo. Nyali ya airbag ikayaka pa dashibodi, nthawi zambiri wolakwa amakhala konekita yachikasu ya pansi pa mpando yomwe yagwedezeka ndi katundu. Mabuku a Toyota amalangiza kuchotsa waya wa batire n'kudikira masekondi 90 musanaigwire.

A olenji ndi a magetsi amphamvu a magalimoto a hybrid, omwe ayamba kuchuluka m'misewu ya kuno. Batire la Toyota Aqua ya mtundu woyamba ndi la mavoti 144, la ma Prius ambiri limapitirira pang'ono 200. M'makonekita amenewa muli kanjira kakang'ono kapadera komwe kamalumikizika komaliza, zitsulo zazikulu zitakhala kale, ndipo kompyuta ikaona kuti sikanalumikizike imakana kutsegula magetsi. Makanika akabwezera pulagi ya olenji ya pa batire koma osatsetsereza chogwirira chake mpaka kukhoma, galimoto siyaka, mawu oti READY saoneka, ngakhale palibe china chilichonse choonongeka.

Kodi akatswiri enieni nawonso amagwa m'mbuna imeneyi?

Amagwamo, ndipo dziko lonse limamva. Mu Seputembala 2011 asayansi a kafukufuku wa OPERA analengeza kuti tizinthu totchedwa neutrino, totumizidwa kuchokera ku CERN pafupi ndi Geneva kupita ku Gran Sasso ku Italy, mtunda wa makilomita 730, tinkaoneka kuti tikufika msanga kuposa kuwala. Zikanakhala zoona, chiphunzitso cha Albert Einstein chikanagwedezeka. Kusiyana kwake kunali magawo 60 a sekondi yogawidwa ka 1 biliyoni. Mu Febuluwale 2012 kunadziwika kuti chingwe cha faiba chotenga nthawi kuchokera ku GPS kupita ku wotchi ya makinawo sichinamangidwe mpaka kumapeto. Uthenga unkadutsa ndithu, koma mochedwa pang'ono, ndipo palibe chomwe chinkaoneka cholakwika. Mtsogoleri wa gululo, Antonio Ereditato, anatula pansi udindo mwezi wotsatira.

Foni yongotchaja munthu akagwirizira tchaja ndi dzanja, ndiye kuti yafa potchajira?

Nthawi zambiri ayi. Fumbi ndi ulusi wa m'thumba zimalowa m'kabowo, ndipo tchaja ikamasomekedwa imazipanikizira kumapeto mpaka zitakhala chikhakha choletsa kamutu kufika pomwe kamayenera kukola. Kuzimitsa foni n'kutokosa mosamala ndi kamtengo kowonda kouma, osati singano, kumabwezeretsa kugwira kuja. Pa matchaja a micro-USB timbedza togwira tinaikidwa dala ku chingwe, osati ku foni, kuti chotha chikhale chotchipa. Choncho ndi bwino kuyesa chingwe china musanalipire wokonza.

Ngati loko ndi yabwino chonchi, bwanji mapulagi onse sakhoma?

Chifukwa pali malo ena pomwe kuzuka msanga ndiko chitetezo. Ayironi ikayamba kufuka utsi, munthu amafuna kuzula pulagi kamodzi n'kamodzi. Mwana akakodwa pa chingwe cha ketulo, ndi bwino chingwe chizuke kusiyana n'kuti madzi otentha amutsate. Apple inafika popanga tchaja ya maginito, MagSafe ya 2006, yongothothoka yokha wina akapunthwa pa chingwe cha laputopu.

Loko imafunika pomwe pali kunjenjemera, kukokedwa, madzi, kapena pomwe palibe diso loyang'anira. Oimbitsa nyimbo ndi matchalitchi okhala ndi zokuzira mawu zabwino amadziwa speakON ya kampani ya Neutrik ya ku Liechtenstein, yomwe imasomekedwa n'kupotolozedwa mpaka kukhoma, kuti wovina akaponda chingwe sipika isazime. Owotcherera zitsulo ndi ogwiritsa ntchito majenereta ayenera mapulagi ozungulira a m'mafakitale, abuluu a mavoti 230 ndi ofiira a mavoti 400, omwe chivindikiro cha soketi yake chimakola pulagi kuti isasololoke, ndipo wabuluu sangalowe pa wofiira. Makina owotcherera amakoka magetsi oposa ma ampu 13 omwe soketi ya m'nyumba inapangidwira, kotero kusomeka mawaya osenda m'soketi n'kuwatsekereza ndi timitengo ta machesi ndi kuitana moto m'shopu. Ntchito yoika soketi yoyenera makina oterewa ndi ya mmisiri wokhala ndi chiphaso cha MERA, ndipo mwini shopu ali ndi ufulu wofunsa kuti achione ntchito isanayambe.